Mwana wanu akubwerera kwawo, koma thupi lake ndi mapepala ake ndi za mlendo

Funso

Zikomo adokotala. Ndine namwino, ndimakhala ku Leicester kuno ku England. Ndinabwera mu 2005, mwana wanga wamkazi ndinamusiya kwa agogo ake ku Zomba, ndipo ndinadzamutenga ali ndi zaka 9. Pano ali ndi zaka 23, akuphunzira udokotala. Sukulu yawo imawapatsa masabata 8 oti akaphunzire m'chipatala cha dziko lina, zomwe amati elective. Anzake akusankha Australia ndi Canada, koma iye wakakamira kuti akufuna ku chipatala chachikulu cha Kwinzi, ku Blantyre. Chichokereni sanapondeko ku Malawi. Chichewa amamva, koma poyankha amayankha m'Chingerezi. Iye akuti palibe chokonzekera poti akupita kwawo. Ine mtima uli pawiri. Ndimulole? Nanga ndimukonzekeretse bwanji?

*Mayi wa ku Leicester*

Yankho

Mayi, mulekeni apite, ndipo musamuperekeze ndi nkhope ya maliro. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo wanuyu wasankha kukaonanso dziwe limene anaphunziriramo kusambira. Pa zaka zimene ndayenda ndi ophunzira m'mawodi ndalandirapo ana angapo otere, obadwira kuno n'kukulira ku Britain, ku Ireland kapena ku Joni. Ambiri anapindula kuposa anzawo achizungu amene anabwera nawo ndege imodzi. Koma amene anavutika, anavutika pa chifukwa chimodzi, ndipo chili m'mawu amene mwana wanu wakuuzaniwo, akuti palibe chokonzekera. Mzungu akamabwera amadziwa kuti ndi mlendo, ndiye amamwa mankhwala, amafunsa njira, amawerenga pepala lililonse. Mwana wakuno amatsika pa Chileka ali ndi mtima woti zonse akuzidziwa, ndipo ifenso timamuyang'ana nkhope n'kuganiza kuti akudziwadi. Mapeto ake palibe amene amamuchenjeza.

Ndiyambe ndi chimene chingamuphe. Thupi lake si la ku Zomba ayi, ndi la ku Leicester. Mwana wokulira kumalo a malungo amalumidwa ndi udzudzu, amadwala, amachira, amadwalanso, mpaka thupi limaphunzira kulimbana ndi tizilomboto. Chitetezo chimenechi chimafuna udzudzu womwewo kuti uzichikumbutsa. Munthu akachoka chimayamba kufooka, ndiye pa zaka 14 musachite kufunsa. Inu mumagwira ntchito m'chipatala kumeneko, mukudziwa kuti ambiri amene amagonekedwa ndi malungo ku Britain si azungu okaona nyanja, koma anthu amene anapita kwawo kukaona abale osamwa mankhwala, poganiza kuti malungo ndi matenda a pakhomo. Malungo akuno ambiri ndi a mtundu wa falciparum, amene amatha kukwera kumutu n'kumugwetsa munthu wopanda chitetezo m'masiku ochepa chabe.

Choncho amwe mankhwala oteteza, monga mmene mzungu aliyense amachitira. Akasankha atovaquone-proguanil, amene ambiri amangoti Malarone, ayambe tsiku limodzi kapena awiri asanafike, amwe tsiku lililonse, ndipo apitirize masiku 7 atabwerera. Akasankha doxycycline, amene ndi wotsika mtengo, apitirize masabata 4 atabwerera. Agone m'neti. Ndikuuziranitu kuti abale akamuseka. Akamati iwe wabadwira konkuno, mapiritsi achiyani, iye angoseka nawo, koma piritsi ameze. Mwana wina wotere anasiya kumwa pa sabata yachiwiri chifukwa cha manyazi omwewa, ndipo sabata yachisanu inamupeza ali pa dripi m'malo moimika ena madripi. Anachira, koma theka la maphunziro ake linathera pa bedi. Nanunso mayi, Fansidar amene mukumukumbukirayo tinamusiya. Chloroquine tinamusiya mu 1993, Fansidar mu 2007, pano timapereka LA. Ndipo akabwerera kumeneko thupi n'kutentha, ngakhale patapita miyezi, auze dokotala msanga kuti anali ku Malawi.

Zina za thupi ndingodutsamo, poti ndinu namwino. Katemera wa hepatitis B akhale wokwana. Asanalowe mu wodi tsiku loyamba afunse kumene angapeze PEP, mankhwala oteteza ku HIV, akabayidwa ndi singano, ngakhale usiku, chifukwa mankhwalawa amafunika kuyamba m'maola oyambirira ndipo pakadutsa maola 72 ndiye kuti mwayi wapita. Akakasambira ku Cape Maclear, ndipo akasambiradi, akayezetse likodzo pakatha miyezi itatu. Koma pambuyo pa udzudzu, chimene ndimaopa kwambiri ndi msewu. Kabaza wa njinga yamoto wopanda chisoti ayi, ulendo wautali wausiku ayi. Akadzagwira sabata imodzi ku wodi ya mafupa adzamvetsa yekha chifukwa chake.

Tsopano mapepala. Simunandiuze pasipoti imene ali nayo, koma ndiyerekeza kuti ndi ya Britain. Lamulo lakale la unzika silinkalola munthu wamkulu kukhala nzika ya mayiko awiri. Mwana ankaloledwa, koma akafika zaka 21 ankayenera kusankha. Nyumba ya Malamulo inasintha lamuloli kumapeto kwa 2018, mwana wanu asanafike msinkhu wosankhawo, choncho nkhani yake ingakhale yopepuka kuposa yanu ngati inu munatenga unzika wa Britain zisanasinthe. Komabe kubadwira ku Zomba si chiphaso. Wa Immigration pa bwalo la ndege sayang'ana mchombo, amayang'ana buku limene mwamupatsa. Akalowa ndi pasipoti ya Britain ndi mlendo, ndipo amatsata za alendo: viza ngati ikufunika, masiku amene amudindira, ndi chilolezo chogwirizana ndi chimene wabwerera. Malamulo a viza asinthapo kangapo m'zaka zapitazi, ndiye asadalire zimene mnzake anachita chaka chatha. Afunse ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku London atanyamula kalata yomuitana yochokera ku sukulu yakuno. Adziwenso ichi: boma la Britain limanena poyera kuti silipereka thandizo la ukazembe kwa munthu wa unzika uwiri pamene ali m'dziko lake linalo.

Sukulu imene alembere si College of Medicine ya University of Malawi imene inu munaisiya. Mu 2021 yunivesite ija inagawidwa. Chancellor College ku Zomba ndiyo inatsala ndi dzina la University of Malawi, Polytechnic inasanduka MUBAS, ndipo College of Medicine, yomwe inatsegulidwa mu 1991, inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences, mwachidule KUHeS. Ophunzira ake ndiwo amaphunzirira ku Kwinzi. Alembe msanga, miyezi yambiri nthawi isanakwane, chifukwa malo amadzaza ndipo makalata sayankhidwa tsiku lomwelo. Ayembekezere kulipira fizi ya ophunzira ochokera kunja. Kawirikawiri chimene amayang'ana ndi sukulu imene wachokera, osati kumene anabadwira. Afunsenso zoyenera kulembetsa ku Medical Council of Malawi, bungwe loyang'anira ntchito ya madokotala. Ngati akufuna kuchita kafukufuku, ngakhale wongofunsa odwala mafunso pa pepala, chilolezo chimachokera ku komiti ya KUHeS yoona za kafukufuku, ndipo sichituluka pa sabata imodzi. Ambiri amafika ndi mapepala a mafunso osindikiza kale n'kubwerera nawo osalembedwa. Za ndalama, afunse ku sukulu yake za Turing Scheme, thandizo la boma la Britain kwa ophunzira opita kunja, ndipo asaiwale inshuwaransi, ya ulendo ndi ya ntchito yomwe.

Ndifike pa chilankhulo, pamene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene mwana wanu ali ndi chuma, ndiponso ndi pamene pali dzenje. Maphunziro ndi a m'Chingerezi. Madokotala akamazungulira mu wodi amakambirana m'Chingerezi, mafayilo amalembedwa m'Chingerezi. Koma wodwala amadwala m'Chichewa. Anzake achizungu adzaima ngati mitengo kudikira wowamasulira, pamene iye adzamva madandaulo a gogo kuchokera pakamwa pake. Umenewu ndi mwayi waukulu.

Vuto ndi lakuti Chichewa chake chinaima pa zaka 9. Ndi Chichewa cha mwana wotumidwa kukagula mchere. Moyo wake wonse anthu akhala akumuitana kuti iwe, ndiye mawu amene ali pafupi ndi lilime lake ndi iwe yemweyo. Tsiku limene adzafunse bambo wa imvi kuti "ukumva bwanji?" wodi yonse idzakhala chete. Mzungu akalakwitsa chotere anthu amaseka n'kumuyamikira kuti akuyesetsa. Mwana wakuda wa dzina lakwathu akalakwitsa, amati ndi wamwano, makolo ake sanamulere. Chilungamo palibe pamenepo, koma ndi mmene zilili. Muphunzitseni inu, a-, bambo, mayi, agogo, achimwene, asisi, mpaka zizituluka zokha. Muphunzitseni kupereka moni asanafunse za matenda, ndi kulonjeranso gadiyani amene wakhala pansi pambali pa bedi. Gadiyaniyo ndiye amaphika, kusambitsa ndi kutembenuza wodwala, ndipo nthawi zambiri ndiye amadziwa bwino mmene matenda anayambira.

Ndiye pali Chichewa cha akuluakulu, chimene mwana wa zaka 9 sanauzidwepo chifukwa ankathamangitsidwa akulu akayamba kulankhula. Mayi akati sanasambe miyezi itatu, sakunena za sopo. Akati mng'ono wake wachira, ndiye kuti wabereka. Akati anapita padera, mimba inachoka. Akati kukuyabwa kumaso, musathamangire kuyang'ana nkhope. Akati magazi amuthera angakhale akunena zoona za kuchepa kwa magazi, kapena akungotanthauza kufooka. Malungo, m'kamwa mwa wodwala, ndi kutentha thupi kulikonse ndi kuphwanya kulikonse, osati okhawo amene amaoneka poyeza magazi. Chibayo chingakhale matenda a m'mapapo kapena ululu chabe wobaya m'nthiti. Ndipo munthu amene akuti "ndili bwino pang'ono" sali bwino ngakhale pang'ono. Wina amavomera kuti chabwino adokotala, asanamve kanthu, pongofuna kupereka ulemu. Mwana wanu adzamva liwu lililonse m'ziganizo zimenezi n'kuphonya tanthauzo lonse, ndipo poti wamva mawu, sadzaona chifukwa chofunsanso. Safunsa anadya phula.

Pa chifukwa chimenechi ndimaletsa chinthu chimodzi kwa ana otere. Anzake, ngakhale madokotala ena obwera, adzamusandutsa womasulira wawo. Pa moni ndi pa "mukumva kupweteka pati" palibe vuto. Koma pofotokozera munthu za opaleshoni kuti asayine, pouza munthu kuti ali ndi kachilombo kapena khansa, pouza mayi kuti mwana watisiya, akane mwaulemu n'kuitana namwino. Akhale pambali amvetsere mmene namwinoyo akuyalira mawu. Maphunziro amenewo sadzawapeza ku Leicester.

Mu wodi momwemo muli yesero lina. Kwinzi, imene akuluakulu amaitchabe ku Gulupu, inatsegulidwa mu 1958, ili ndi mabedi opitirira 1,000, ndipo odwala amachokera m'chigawo chonse cha kummwera. Manja ndi ochepa. Wophunzira wovala choyera, wolankhula Chingerezi cha ku England, anthu amamuitana adokotala tsiku loyamba lomwe, ndipo tsiku lina adzapezeka yekha ndi wodwala, wina n'kumuuza kuti pangani. Lamulo lake likhale ili: chimene sangaloledwe kuchita yekha ku Leicester asachichite yekha ku Blantyre. Thupi la Mmalawi si pophunzirira zimene kwina amaletsa. Aphunzire pamaso pa womuyang'anira, ndipo adzaphunzira zambiri, chifukwa kuno matenda timawapeza ndi maso, makutu ndi manja nthawi zambiri makina asanatithandize. Adzaona chifuwa chachikulu, malungo aakulu mwa ana, kunyentchera, zimene kumeneko amangoziona m'mabuku.

Asanyoze ma clinical officer. Ku Britain udindo wofanana nawo ndendende kulibe, ndiye ana ambiri amafika osadziwa kuti munthu amene sali dokotalayu wachita maopaleshoni a amayi oyembekezera ochuluka kuposa amene iwo adzachite moyo wawo wonse. Ndipo mawu akuti "ku UK timapanga chonchi" awasiye m'ndege. Mlendo amabweradi ndi kalumo kakuthwa, koma amadikira apemphedwe kumeta. Ndinene chinthu chimene mwina simungachikonde. Inu munachoka m'zaka zimene anamwino ambiri ankapita ku Britain, mpaka boma ndi othandiza anachita kuwonjezera malipiro a ogwira ntchito zachipatala kuti otsalawo asathawenso. Ena mwa otsalawo akadali m'mawodi. Wina adzamuponyera mawu oti amayi ako anatithawa, mwanthabwala kapena mosaseka. Asakwiye, asapepesenso. Mumuuziretu nkhani yanu inu mwini, chifukwa chimene munachokera ndi amene munawaphunzitsa ndi ndalama zimenezo, kuti asadzaimve koyamba kwa munthu wina.

Za kumudzi. Kwa sukulu, masabata 8 amenewa ndi maphunziro. Kwa abale, ndi mtchona amene wabwerera, komanso wabwerera ali dokotala. Adzabwera ndi mabuku awo akuchipatala, ndi ma X-ray akale, ndi mwana amene sakuyenda bwino. Adzabweranso ndi nkhani za fizi, feteleza ndi malata. Sindikuwanena, ndi mmene timakhalira, ndipo ndalama ya kwacha yagwa kwambiri, ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, moti paundi imodzi m'maso mwa anthu ndi phiri. Koma mwana wa sukulu amene ali ndi ngongole ya maphunziro sangasenze mudzi. Ntchito imeneyi ndi yanu, mayi, osati yake. Imbirani amalume ake iye asananyamuke. Auzeni momveka kuti mwanayu ndi wophunzira, saloledwa kulemba mankhwala, ndipo za ndalama zonse zizidzera kwa inu. Mphatso mumumangire nokha, iliyonse ndi dzina la mwini wake, ya agogo ikhale yoyamba. Mukatero iye adzakhala ndi poyankhira: amayi anena kale.

Ine ndikanakonda afike sabata imodzi sukulu isanayambe, apite ku Zomba kaye. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 65 kuchokera ku Blantyre, ndiye palibe chodzikhululukira. Kuyamba ntchito m'tauni agogo amene anamulera asanamuone ndi chilonda chimene sichipola msanga. Akagone kumeneko masiku angapo, avale chitenje, agwade, alandire ndi manja awiri, akaone manda a amene anamwalira iye kulibe. Akatero abwerere ku Blantyre akakhale pafupi ndi chipatala, ku hositelo kapena m'nyumba ya ophunzira anzake cha ku Mandala, Sunnyside kapena Chitawira, kumene angayende wapansi kapena kukwera minibasi imodzi. Kukhala kwa achibale masabata onse 8 kumaoneka kotchipa, koma amene akudzuka m'mamawa kukazungulira mu wodi sangakwanitsenso kulandira alendo usiku uliwonse. Kumapeto kwa sabata azipita.

Mumukonzekeretsenso mtima pa chinthu chimene palibe katemera wake. Malawi amene ali m'mutu mwake ndi wa mwana wa Sitandade 4. Nyumba ya agogo adzaipeza yaing'ono, mtengo wa mango mwina unadulidwa, mnzake wosewera naye fulaye ali ndi ana atatu ndipo akumulankhula mwaulemu ngati bwana. Ku Leicester amamufunsa kuti kwanu kwenikweni ndi kuti, ndiye iye wakhala akudzitonthoza kuti kwathu ndi ku Malawi. Akadzafika kuno, ana a m'njira adzamva kalankhulidwe kake n'kumutcha mzungu, wogulitsa tomato pa msika wa Limbe adzamukwezera mtengo. Zimenezi zimapweteka kuposa mmene mungaganizire, ndipo kawirikawiri zimagwera pa sabata yachiwiri kapena yachitatu, chisangalalo cha kufika chitatha, imfa zoyamba za mu wodi zitayamba kumulemera. Akadzakuimbirani akulira, musamuuze kuti ndinanena ine, musamugulirenso tikiti. Mumvetsereni. Ana amene ndawaona, ikamafika sabata yachisanu amakhala atapeza anzawo pakati pa ophunzira akuno, akudya chipisi cha pa chiwaya, akutsutsana za Bullets ndi Wanderers, ndipo Chichewa chimene chinagona zaka zonsezi chayamba kudzuka chokha.

Ngati Kwinzi yadzaza, kapena ngati iye ndi munthu wosakonda chipwirikiti, asataye mtima. Zipatala za mishoni monga Mulanje Mission, Nkhoma, kapena St Luke's ku Malosa, kufupi ndi kwa agogo akeko, zimalandiranso ophunzira, ndipo kumeneko wophunzira amadziwika ndi dzina. Adziwe chabe kuti cha ku Malosa ndi Machinga odwala ambiri amalankhulanso Chiyao, ndipo akasankha Ekwendeni kapena Embangweni, Chichewa chake chidzagonja kwa Chitumbuka. Za nyengo, akabwera mu June kapena July atenge juzi yeniyeni. Ana okulira ku England amaganiza kuti Africa yense ndi ng'anjo, ndiye Chiperoni chimawapeza ali ndi malaya a manja aafupi m'nyumba yopanda chotenthetsera.

Ndalama asasinthe pa msewu ngakhale amulonjeze mtengo wokoma. Akangofika alembetse nambala ya foni ndi pasipoti yake, atsegule Airtel Money kapena Mpamba, chifukwa zambiri masiku ano timalipira pa foni.

Pakadali pano, kuyambira lero, inu siyani kulandira mayankho a Chingerezi m'nyumbamo. Madzulo alionse khalani wodwala kwa mphindi khumi. Lero ndinu gogo wa chifuwa cha miyezi iwiri amene sakufuna kuvomera kuti amasuta chingambwe, mawa ndinu mayi amene mwana wake akutsegula m'mimba ndipo liwombo lalowa, mkuja ndinu bambo wamanyazi amene akuzungulira nkhani osafika pamene pakupweteka. Iye akufunseni m'Chichewa kuyambira pa moni mpaka potsazika. Akati iwe, nyamukani mutuluke panja, ayambirenso.